Pa Lamba wa Zinyalala ku Rotherham

Usiku wonse lamba amayenda,
ine chiimire pambali pake, magolovesi awiri dzanja lililonse,
kusankha: chitini kuno, botolo uko,
katoni yonona mafuta a tchipisi, imeneyo yapita basi.
Mzinda ukagona, zimene wakana zimabwera kwa ine.
Dzana panadutsa nsapato ya khanda, imodzi yokha,
kalata yosatsegula, mano oikirira,
ndi buledi wathunthu amene mpeni sunamukhudze.

Lamulungu tinakangana m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi,
tiyi akuzizira m'makapu.
Ndalama n'zochepa, denga likudontha.
Mayi Holroyd akufuna magalasi okolola dzuwa padengapo.
Dzuwa lake liti, ndinaseka chamumtima,
la kuno lija, losuzumira ngati mkamwini watsopano?
A Chipofya, mkulu wa mpingo, anamenya tebulo:
"Dziko lino n'lopita!
Nyumba ikamapsa mumatulutsa ana,
simupukuta mawindo.
Miyoyo kaye, abale, miyoyo!"
Mayi Holroyd anayankha chapansipansi:
"Mtsinje wa Don utalowa m'nyumba za kwathu
unapeza miyoyoyo ili gone pabedi."

Ine ndinangoti duu,
manja pansi pa tebulo, poopa fungo la ntchito.

Ndikadanena chiyani?
Kuti mng'ono wanga amaotcha makala ku Neno,
kuti ndikachedwa kutumiza ya fizi
mtengo wina umagwa m'phiri,
ndipo pa thumba lililonse limene wagulitsa pa Zalewa
amapatula chakhumi, osaphonya?
Mbale ya chopereka imanunkha utsi, Ambuye.
Mumailandira?

Kapena ndikadanena za bambo wa nyumba yoyandikana nane,
amene amatsuka kachikopa ka yogati katatu,
kukaumitsa, kukaika m'bini yake yoyenera
mwaulemu ngati akuika maliro a mfumu,
koma zaka zinayi tsopano
moni wanga amagwera pa mpanda?
Iye ali ndi malamulo ake, masiku ake opatulika,
Lachiwiri bini yobiriwira, sabata inayo yakuda.
Kachisi wake alibe wokhululukira.

Nanenso si woyera ayi.
Ndaimba za kwathu kumwamba mpaka mawu kusasa,
kenako n'kutaya mafuta okazingira m'ngalande
chifukwa kunja kunali chisanu.

Sindigwadira mtengo.
Koma ndikudziwa mwini wake.
Khasu lobwereka sulibweza lili ndi matope,
ngakhale mwini atakuuza kuti chaka chamawa agula lina.
Ndipo mwana amene wakutuma kumunda
sumusiya ndi njala pofuna kusamala mpini.

Cha m'ma folo m'mawa lamba amaima pang'ono.
Ndimatuluka kukapuma mpweya wa pabwalo.
Nkhandwe yofiira ija imabwera pa waya,
nthiti zili pamtunda, kundiyang'ana
ngati tonse tinabwera pa chitupa chimodzi.
Kuseri kwa fakitale mtsinje ukudutsa mwakachetechete,
wanyamula nyali za mzinda ndi tayala lakale.
Pamenepo ndiye ndimapemphera, mwachidule, kuzizira:

Inu amene mumasankhanso,
amene simunanditaye pamene ndinadutsa pamaso panu
wophwanyika, wonona, wopanda chizindikiro,
ndiphunzitseni choyamba n'chiti
popanda kuponda chachiwiri.

Yankho silinabwere. Belu ndiye linalira.

Lamulungu likudzali tidzavota.
A Chipofya andiimbira kale kawiri,
Mayi Holroyd andipatsa botolo la jamu wa m'munda mwawo.
Dzanja langa sindikudziwa lidzakwera liti.
Chimene ndikudziwa, chidebe chija chili pansi pa denga,
pafupi ndi gome la Mgonero,
chimadzaza msanga kuposa kale,
ndipo wokataya madzi ake ndine.
Ndimakathira pa kamtengo ka maapulo kali pakhomo,
kamene palibe akukumbuka amene anakabzala.